Tsiku Limene Atate Anatsitsa Wotchi Pakhoma

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene Fabiano anabwera kudzakhala kwathu. Anafika mvula ili pakati, nsapato zili m'manja kuopa matope, amayi ake ali patsogolo atasenza thumba la nsawa. Fabiano anali msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo wa atate. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, koma tonse tinali mu giredi 9, chifukwa kumudzi ku Chipangali anaimapo sukulu bambo ake atamwalira.

Atate anali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina m'tauni ya Chipata, komanso mkulu wa mpingo. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo anthu amati ndinatengera iwo. Ukachita bwino sankakutamanda. Ankangoti, “Eya,” n'kutembenukira kwina. Ndinakula ndi “Eya” ameneyo ndipo ankandikwanira, chifukwa m'nyumba mwathu munalibe wina amene ankalandira choposa pamenepo. Alongo anga awiri anali akadali aang'ono. Mnyamata ndinali ine ndekha, ndipo masamu ndinkawatha.

Pabalaza pathu panali wotchi ya pakhoma, ya bokosi la thabwa lakuda ndi kachitseko ka galasi. Sinkayendera mabatire, inkafuna kiyi. Lamlungu lililonse tikabwera ku tchalitchi, atate asanavule jekete, ankakwera pa kampando, kutsegula galasi, kulowetsa kiyi pa kabowo n'kumapukusa pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa ngati munthu amene akumvetsera chinachake m'kati. Akatha ankabweza kiyi m'thumba la jekete. Panalibe wina woikhudza. Ngakhale amayi popukuta fumbi ankalekezera pa galasi.

Tsiku limene Fabiano anafika, azakhali anakhala pa mpando moyang'anizana ndi wotchiyo, akuumitsa mapazi.

“Achimwene, wotchi ya amalume ikadali moyo?”

“Ikuyenda,” anatero atate.

“Fabiano, uyiyang'anitsitse. Amalume akowa anailandira kwa amalume awo. Zinthu za pa mbumba sizisochera njira.”

Amayi, amene ankathira tiyi, anati, “Alamu, ku Chipangali mukaipachika pati? Pa nkhokwe?”

Onse anaseka. Ine sindinaseke.

Atate anali Mchewa, amayi Mngoni wa ku Kasenengwa. Kwa Achewa mwana ndi wa kwawo kwa mayi ake, ndipo mwamuna amayang'anira ana a mlongo wake, ndiyo mbumba yake. Kwa Angoni mwana ndi wa kwa bambo ake. Choncho ndikapita kwawo kwa atate ankanditcha mwana wa Angoni, ndikapita kwawo kwa amayi ankati ndine wa kwa Achewa. M'tauni zimenezi sizinkandivuta. Ndinali mwana wa aphunzitsi, basi. Wotchiyo inadzafa atate akadali moyo, ndipo palibe aliyense wa ife anaitenga, koma mwana saona patali choncho. Chimene ndinamva tsiku limenelo n'chakuti m'nyumba mwalowa munthu amene mwambo ukumudziwa, ndipo ine atate anga ndinali nawo mongobwereka.

Fabiano sanandilakwire kanthu. Ichi ndicho chinkandipweteka kwambiri. Ankadzuka ine ndisanadzuke, kusesa pabwalo, kutunga madzi, kupalira kamunda ka chimanga kuseri kwa nyumba. Njinga ya atate imene inkadula tcheni mlungu uliwonse anaikonza ndi msomali ndi mwala. Tinkagona chipinda chimodzi, ndipo zovala zake ankazipinda bwino n'kuziika pakona kuti zisasakanikirane ndi zanga. Iye anali Mkatolika. Ndinkayembekeza kuti atate amuuza kuti pano timapemphera kumodzi, koma Lamlungu loyamba anamuperekeza okha mpaka pa chipata cha tchalitchi chawo, n'kufika kwathu nyimbo yoyamba itatha. Atate sanachedwepo ku tchalitchi chifukwa cha ine.

Kenaka panali kuseka. Madzulo atate akabwera ku sukulu ankakhala pakhonde n'kumamufunsa Fabiano za anthu a kumudzi amene ine sindinkawadziwa. Uje akadali ndi ngolo ya gudumu lopendama? Nanga uje anasiya kugona mu mzere wa thonje n'kumati akuyang'ana mbozi? Fabiano ankayankha motsanzira mayendedwe a anthuwo, ndipo atate ankaseka mpaka kupukuta misozi. Tsiku lina ndinaona kuti kumbuyo m'kamwa mwawo mulibe dzino limodzi. Ndinali ndisanadziwe. Anali asanasekepo pamaso panga mpaka kutsegula pakamwa chotero.

Ku sukulu zinthu zinali mbali yanga. Fabiano Chingerezi chinkamuvuta, masamu ankamuvuta kuposa. Tonse tinkadziwa kuti mayeso a giredi 9 ndiwo adzagamule: akakhoza apitiriza, akalephera abwerera kukalima thonje ndi amayi ake. Sindinganene kuti ndinkamufunira zoipa, komanso sindinganene kuti ndinkamupempherera. Akabwera ndi pepala lodzaza mitanda yofiira, chakudya chinkandikomera.

Tchuthi cha mu Ogasiti chitayandikira, atate anatiuza kuti akupita ku Lusaka ku maphunziro a aphunzitsi, ndipo akakhalako milungu ingapo. Linali Lamlungu, tinali titangobwera ku mapemphero, iwo atangotsika pa kampando kaja.

“Wotchi ikufuna munthu,” anatero.

“Ine musandiwerengere,” anayankha amayi ali kukhitchini. “Ndikathyola mudzandiimba mlandu mpaka kumanda.”

Atate anatiyang'ana tonse awiri. Mawu a azakhali aja anali akadali m'khutu. Ndinaganiza kuti angopereka kiyi kwa Fabiano, mwambo n'kukwanira. Koma iwo analoza wotchi.

“Muvi wautaliwu, kuchoka pa msomali wapakati kufika kunsonga, ndi masentimita 14. Ukachoka pa 12 kufika pa 3, nsonga yake yayenda mtunda wotani? Wopeza yankho asunga kiyi.”

Ndinathamangira pa tebulo. Funsoli linali langa. Ndinkadziwa kuti muvi ukazungulira ola lathunthu, nsonga yake imajambula mkombero, ndipo utali wa mkombero timaupeza potenga utali wa muvi kawiri, kuchulukitsa ndi 22, n'kugawa ndi 7. Tsono 14 kawiri ndi 28. Ndinagawa 28 ndi 7 n'kupeza 4, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 22 ndi 88. Kuchoka pa 12 kufika pa 3 ndi mphindi 15, gawo limodzi mwa magawo anayi a ola. Ndiye 88 kugawa panayi, 22. Ndinabwereza kuwerengako ndipo yankho silinasinthe.

Fabiano sanatenge pensulo. Anapita ku makina osokera a amayi.

“Aanti, ndibwerekeko ulusi.”

Anabwera nawo, n'kuima pansi pa wotchi. “Amalume, ndingakhudze galasi?”

Atate anagwedeza mutu kuvomera. Ine ndinali nditakhala m'nyumba imeneyo moyo wanga wonse osakwerapo pa kampando kaja. Fabiano anakwera, anapanikiza ulusi ndi chala chachikulu pa 12, anaukoka mpaka pa 3, anautsina ndi chikhadabo, n'kutsika kukauyala pa rula.

“Yotamu?” anatero atate.

“Masentimita 22.”

“Fabiano?”

“Yangotsala pang'ono kukwana 20, amalume.”

Atate anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kiyi n'kundipatsa. “Eya,” anatero. Kiyiyo anali wofunda, wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinamufumbata, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinali munthu wokondwa kwambiri mu Chipata monse. Ndinayang'ana Fabiano kuti ndione nkhope yake. Koma atate anali atatembenukira kale kwa iye.

“Iwe wayeza bwanji?”

“Ndakoka ulusi kuchoka pa 12 kufika pa 3. Ndaukoka ndithu, amalume, sunakhote.”

“Waukokeranji?”

“Pobzala thonje amayi amati chingwe cholendewera chimanama. Ukafuna muyeso woona uchikoke mpaka chilire.”

Ndinaseka mokweza. Atate anandiyang'ana kamodzi, ndipo kusekako kunathera pakhosi.

“Amayi ako sananame,” anatero kwa Fabiano. “Chabwino. Ndi njira yakoyo, muvi ukachoka pa 12, n'kuzungulira ola lathunthu, n'kubwerera pa 12 pomwepo, wayenda mtunda wotani?”

Fabiano anayang'ana ulusi uli m'manja, anayang'ana wotchi. Anayankha motsitsa mawu. “Palibe, amalume.”

“Palibe? Iwe ukazungulira munda wa amayi ako n'kudzaima pamene unayambira, miyendo imakuuza kuti palibe?”

“Imawawa.”

Atate anaseka kuseka kwawo kwa pakhonde kuja. Kenaka anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anavula jekete, anakweranso pa kampando, anaimitsa ndi chala kachitsulo kolendewera kamene kankagwedezeka pansi pa wotchi, n'kuinyamula yonse kuichotsa pa msomali. Pakhoma panatsala malo oyera, ndi kangaude akuthawa. M'nyumba munangoti zii. Ndinali ndisanadziwe kuti kulira kwa wotchiyo ndinkakumva nthawi zonse, mpaka pamene kunaleka.

Amayi anatuluka kukhitchini ndi chikombe m'manja. “Kwagwanji?”

“Tibwerekeni chitenje,” anatero atate.

Anayala chitenje pa tebulo, anagoneka wotchi chagada, n'kutsegula galasi. Anamuuza Fabiano kuti asendere pafupi. Anagwira chala chake cholozera n'kuchiyendetsa m'mphepete mwa wotchi, pa timizere ta mphindi, kuchoka pa 12, kudutsa pa 1, pa 2, mpaka pa 3.

“Nsonga simadziwa njira yachidule,” anatero. “Imadutsa pa kamzere kalikonse. Ulusi wako unadula pakati, pamene muvi supondapo. Tsopano ugoneke ulusi m'njira ya muvi. Usaukoke. Ulole ukhote.”

Zinamuvuta. Zala zake zinali zitazolowera chingwe cha kumunda, ndipo akagoneka ulusi pang'ono ankapezeka waukokanso. Atate ankapanikiza kumene wagoneka kale, iye n'kumapitiriza kutsogolo, mitu yawo itagundana pamwamba pa wotchi. Atafika pa 3 anadula ulusi ndi lumo, anauwongola pa rula, ndipo unakwana 22. Fabiano anauyeza kachiwiri ngati wina wamubera.

Ndinaganiza kuti zathera pamenepo. Sizinathe. Anagoneka ulusi wina kuzungulira wotchi yonse, unakwana 88. Atate anamuuza kuti aupinde pakati, n'kufunsa kuti ndi mphindi zingati zimenezo. Anaupindanso, n'kuufanizira ndi kaulusi ka 22 kaja, ndipo zinalingana. Anaupinda patatu kuti aone mphindi 20. Pang'onopang'ono atate anamufikitsa pa mfundo yake: uyambe wapeza mkombero wonse, kenaka uone mphindi zako ndi gawo lanji la mphindi 60, utenge gawo lomwelo la mkombero. Zimenezi ine ndinaziphunzira m'kalasi, pa bolodi, pakati pa ana ambirimbiri, ndipo ndinazimva ulendo woyamba. Palibe anandigwirapo chala.

Ndinali nditakhala pa mpando wa pakona, kiyi ali m'manja. Dzuwa linasuntha pa simenti kuchoka pa khomo kufika pa miyendo ya tebulo. Amayi anabweretsa tiyi, tiyiyo anazizira. Alongo anga ankasuzumira pa katani. Nthawi ina ndinalephera kupirira.

“Atate, ya mphindi 20 ine ndingaipeze popanda ulusi.”

“Ndikudziwa,” anatero, osadzutsa mutu. “Kaone ngati amayi ako akufuna makala.”

Ndinatuluka. Nditatsegula dzanja panja, kiyi anali atadinda chithunzi chake m'chikhatho. Masana amenewo atate anali ndi msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo sanapite.

Tsiku la ulendo wawo ndine ndinawaperekeza kokwerera basi. Sutikesi tinaimanga pa njinga, ine ndikukankha, iwo akuyenda pambali. Kunali mphepo ya mu Ogasiti, yonyamula fumbi ndi mapepala, ndipo mapiri ozungulira tauni ankaoneka otuwa ndi utsi wa moto wa m'tchire. Mlungu wonsewo ndinali ndi mawu pakhosi. Titayandikira siteshoni ya mabasi ya ku Kapata, anyamata oitanira mabasi akukuwa kuti Lusaka, Lusaka, ndinadziwa kuti ndikapanda kunena pano sindidzanenanso.

“Atate, ine ndi amene ndinakhoza.”

“Eya.”

“Koma wotchi munatsitsira Fabiano.”

Anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaganiza kuti andikalipira. Koma anangofunsa, “Ukanakonda nditsitsire iwe? Kuti ndikuonetse chiyani?”

Ndinayang'ana tayala la njinga.

“Mayeso ali pafupi,” anatero. “Uja akalephera akubwerera kumunda, ndipo sadzatulukakonso. Ine amalume anga akanandisiya, bwenzi iwe utabadwira komweko. Masiku amene kulibe ine, umuphunzitse iweyo. Za mkombero zonse, osati za wotchi zokha.”

“Ine?”

“Nanga ndingasiyire ndani?”

Anamasula sutikesi n'kukwera. Ndinabwerera kunyumba ndikupalasa njinga mwaukali. Sanangomupatsa masana athunthu, tsopano anamupatsanso tchuthi changa.

Ndinamuphunzitsa, chifukwa mawu a atate sankabwezedwa. Koma ndinamuphunzitsa moipa. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ine n'kujambula wotchi pa dothi ndi kamtengo. Ndinkalankhula mofulumira, ndipo akafunsa ndinkapumira m'mwamba ndisanayankhe. Ndinamupatsa dzina loti a Chingwe. Iye ankanditcha aphunzitsi aang'ono, koma ankanena akumwetulira, ngati sizikumukhudza, ndipo zimenezo zinkandiwonjezera mkwiyo. Lamlungu tikabwera ku matchalitchi athu awiri ndinkamuitana kuti adzagwire kampando ine ndikupukusa wotchi. Kampandoko sikankagwedera. Ndinkangofuna kuti aone.

Tsiku lina ndinamupatsa funso la muvi wa masentimita 21 woyenda mphindi 20. Anawerenga pa dothi nthawi yaitali, n'kupeza 22. Anali ataiwala kutenga utali wa muvi kawiri, cholakwa chomwecho chimene anachita dzulo lake.

“A Chingwe,” ndinatero, “kodi ndikutsitsireninso wotchi? Kapena tidikire amalume anu adzakugwireni chala?”

Kumwetulira kuja kunachoka. Anaponya kamtengo kutali, kanakagwera m'mapesi.

“Ukuganiza kuti zinandikomera?”

Ndinali ndisanamumvepo akukweza mawu.

“Masana onse aja, iwe uli phee pakona ndi kiyi, aanti akudutsadutsa, ana akusuzumira, ine mnyamata wamkulu andigwira chala ngati wa giredi wani. Ndinkafuna pansi patseguke ndilowe. Iwe amakufunsa kamodzi. Ukayankha amati ‘Eya,’ ngakhale pepala lako saliyang'ana. Ine chilichonse amachiona kawiri. Akandituma ku msika amati ndibwereze zimene anena, ngati ndikataya mawu m'njira. ‘Eya’ ameneyo ine chifikireni sindinamumvepo.”

“Koma amaseka nawe,” ndinatero.

“Amaseka anthu a kumudzi. Asowa kwawo, si ine ayi. Wina aliyense wotsika lole ya ku Chipangali angawaseketse.” Anapukuta mphuno ndi mkono. “Tsiku lija utawaperekeza ku basi, ndinakwera pa kampando. Sindinakhudze. Ndinangofuna kuona kabowo ka kiyi kuti kakhala bwanji.”

Kutali kunkamveka chigayo. Ndinali nditatha miyezi yonseyo ndikuwerenga zimene iye walandira, osaganizapo kuti nayenso akuwerenga zanga. Sindinamumvere chisoni pomwepo. Chimene ndinamva poyamba chinali kukoma, kuti kani kiyi uja amamupweteka. Manyazi anabwera pambuyo pake.

Ndinathyola kamtengo kena. Ndinafufuta zonse pa dothi ndi phazi, n'kujambula wotchi yatsopano, yaikulu.

“Muvi uli apa,” ndinatero. “Ukuchoka pakati kufika m'mphepete. Koma mkombero umafuna mzere wodutsa pakati, kuchoka mphepete iyi kufika mphepete inayo. Mivi ingati ingagone pamenepa?”

Anayang'ana. “Iwiri.”

“N'chifukwa chake timatenga kawiri. Yambanso.”

Anayambanso. Anapeza 42, anagawa ndi 7 n'kupeza 6, anachulukitsa ndi 22 n'kupeza 132. Anaima, milomo ikuyenda. Mphindi 20, gawo limodzi mwa atatu. Analemba 44, n'kundiyang'ana.

“Eya,” ndinatero.

Anaseka. “Wakoyo sakoma. Ndi wa mwana.”

Kuyambira tsiku limenelo ndinamuphunzitsa bwinoko. Dzina la a Chingwe silinathe, koma linasiya kuluma. Lamlungu lotsatira sindinamuitane kudzagwira kampando. Kiyi sindinamupatse, chifukwa anali wanga.

Ndikanakonda kulemba kuti nsanje inathera pansi pa mango paja, koma ndinganame. Atate atabwera anapeza wotchi ikuyenda. Anaima pansi pake, anaifanizira ndi ya pamkono, anandiyang'ana n'kutambasula dzanja kuti ndibweze kiyi. Kenaka anamuitana Fabiano pa tebulo n'kumufunsa mafunso mpaka amayi ataitana kuti chakudya chapsa. Ndinaimirira pakhomo ndikumva Fabiano akuyankha ndi mawu anga, njira zanga, ndipo atate akumuuza kuti wayesetsa. Nsanje ija inandigwiranso, pamalo pake pomwe.

Mayeso tinakhoza tonse, ine bwino, iye mopulumukira. Anapitiriza sukulu, ndipo lero amalangiza alimi kwawo komweko. Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni muno. Timaonana pa maukwati ndi pa maliro, ndipo ana athu amadziwana.

Atate atamwalira, pa mwambo wa maliro anapempha mmodzi wa pa mbumba kuti alankhule, ndipo anaimirira Fabiano. Anafotokoza za masana aja. Ananena za ulusi, za chitenje, za funso la miyendo yowawa, ndipo anthu anaseka ali ndi misozi. Manyazi amene anandiuza pansi pa mango sanawatchule, mwina anawaiwala. Anati m'moyo wake wonse palibe munthu anamupatsapo nthawi ngati mmene amalume ake anachitira tsiku limenelo. Ine ndinali nditakhala kutsogolo, munthu wa imvi, mwana woyamba wa malemu, ndipo ndinapezeka ndikufufuza m'mutu nkhani yanga yoti ndikanaifotokoza. Zimene ndinapeza zinali zazifupi zokhazokha. Ndinamuchitira nsanje pomwepo, bokosi lili patsogolo pathu.

Tsopano ndikumvetsa zimene atate ankachita, ndipo sindiwaimba mlandu. Anali ndi anyamata awiri, wina akumira, wina ataima pa mtunda. Womirayo anamupatsa nthawi yawo. Woimayo anamukhulupirira, mpaka kumusiyira mnzakeyo m'manja. Mwambo wa mbumba sunandilande kanthu. Koma ndikumvetsanso chimene iwo sanachione. Mwana sadziwa kuti akukhulupiriridwa. Iye amangoona kuti bambo ake akhala pafupi ndi wina, ndipo iye watumidwa makala. Wokhoza naye amafuna kuti wina akhale naye pa tebulo, ngakhale palibe chomuphunzitsa.

Ndili ndi ana atatu. Wamwamuna sukulu imamuvuta, ndipo madzulo ambiri ndimakhala naye, kubwereza chinthu chimodzi mpaka chilowe. Wamkazi wamkulu, Thoko, safuna thandizo la munthu. Chaka chatha, tsiku lina ndili pakati pofotokozera mlongo wakeyo za magawo, Thoko anabwera n'kuika pepala lake la masamu pambali pa dzanja langa. Linalibe cholakwa ngakhale chimodzi. Ndinaliyang'ana, ndinagwedeza mutu, n'kubwerera kwa mnyamata. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti sanachoke. Anali ataima pakhomo, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi.

Ndinamuuza mnyamata kuti akapumeko panja. Ndinakoka mpando.

“Khala apa. Undionetse mmene wapezera, kuyambira funso loyamba.”

“Koma atate, ndakhoza zonse.”

“Ndaona. N'chifukwa chake ndikufuna undionetse.”

Anandiyang'ana ngati akufuna kudziwa ngati ndikumuseka. Kenaka anakhala, anasendeza mpando pafupi ndi wanga, n'kuyamba. Anali mafunso amene akanatha kuwafotokoza mofulumira, koma sanafulumire. Funso lililonse analitambasula, sitepe ndi sitepe, ena n'kuwafotokoza kawiri, ndipo ine sindinamudule.